ZA PA KHONDE LA MPHUNZITSI: Chiwerengo cha 144,000



Mwezi wa Novembala wafika, mwezi umene Eklezia Amai athu atiitana kuti tikweze maso kumwamba pa tsiku loyamba, pokondwerera Oyera Onse, ndi kuti tiweramitse mitu pa tsiku lachiwiri, popempherera abale athu amene anatsogola. Pa Misa ya Oyera Onse timamva mau ochokera m'buku la Chivumbulutso, mutu 7, m'mene Yohane Woyera anena kuti anamva chiwerengo cha atumiki a Mulungu olembedwa chizindikiro pamphumi, ndipo chiwerengocho ndi 144,000. Za chiwerengo chimenechi tifuna kucheza nanu mwezi uno, ndipo tiyamba ndi kukuuzani chimene chatikakamiza.

Chaka chatha, Misa ya tsikulo itatha, anthu ali kubalalika, anatipeza pa khonde la tchalitchi mai wina wokalamba, wa m'mudzi wa kutsidya kwa dambo, amene amuna ache anamwalira nthawi ya masika. Anagwada, namasula kandalama kamene anamanga pa nsonga ya mpango, nati: "Aphunzitsi, ndabwera ndi chopereka cha Misa ya malemu amuna anga, koma mtima wanga wagwa. Kunabwera anthu kwathu ndi mabuku, nandiwerengera chiwerengo chomwechi tamva lero, nati malo a kumwamba ndi okhawo basi, ndipo atsala pang'ono kudzaza. Nanga ngati nyumba yadzaza, ndivutikiranji kugogoda? Kodi amuna anga, amene sanadziwe ngakhale kulemba dzina lao, angapeze mpando pakati pa anthu owerengeka chotere?"

Tinawakhazika pa mphasa, tinawayankha monga tinakhoza pa tsiku lija. Koma kuyambira pamenepo tamva nkhawa yomweyi m'makomo ena, ndipo taganiza kuti nkwabwino kuiyankha poyera. Akulu anati safunsa anadya phula. Agogo aja anachita bwino kufunsa. Tsono ife tichita monga achitira mmisiri wa matabwa, amene asanaweruze mtengo ayamba waupala kuti aone m'kati mwache. Tiyamba ndi masamu, pambuyo pache tibwera ku Malembo Oyera. Ndipo mudzaona kuti masamuwo atithandiza kumva Malembo.

Kukula kwache

Munthu atakhala pansi ndi dengu la chimanga chotong'ola, nayamba kuwerenga njere imodzi pa sekondi iri yonse, osadya, osagona, osayankha moni wa odutsa, adzafika pa 144,000 atapita maora 40 enieni. Pakuti ora limodzi liri ndi masekondi 3,600, ndipo 3,600 kuchulukitsa ndi 40 ndiye 144,000. Tikayesa ndi mphindi, tsiku limodzi liri ndi mphindi 1,440. Chotero mphindi 144,000 ndiwo masiku 100, ndiko kunena kuyambira pa 1 Novembala, mvula isanakhazikike, kufikira pa 9 Febuluwale, pamene chimanga chiri kumasula.

Chiwerengochi nchachikulu ndithu kwa munthu wowerenga ndi zala. Koma nchaching'ono tikachilinganiza ndi ana a Eklezia. M'chaka cha 2023 Akatolika a pa dziko lonse anali pafupifupi 1,400,000,000. Mipando ikadakhala 144,000 yokha, ndipo akadaisungira anthu a chaka chimenecho okha, bwenzi akulowa munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 10,000, osanena za mibadwo yonse imene inapita. Agogo aja sanalakwe kuchita mantha. Chimene tiyenera kufufuza nchakuti: kodi chiwerengochi nchowerenga mipando?

Mabanja a ziwerengo

Pamene tinali anyamata ku seminale, bambo wina amene anatiphunzitsa masamu ankatiuza kuti ziwerengo ziri ndi mafuko ao monga anthu, ndi kuti wofuna kudziwa chiwerengo achifunse mafunso monga mfumu ifunsa mlendo. Tiyeni tichifunse.

Kodi chigawika pawiri osatsala kanthu? Inde, pakuti chiwerengo chiri chonse chothera ndi 0, 2, 4, 6 kapena 8 chigawika pawiri. Kodi chigawika patatu? Phatikizani zilembo zache: 1 ndi 4 ndi 4 zipanga 9, ndipo mazirowo saonjezera kanthu. Lamulo lache ndi ili: zilembo zikaphatikizana kupanga chiwerengo chogawika ndi 3, chiwerengo chonsecho chigawika ndi 3, zikapanga chogawika ndi 9, chonsecho chigawika ndi 9. Chotero 144,000 agawika ndi 3, napatsa 48,000. Agawikanso ndi 9, napatsa 16,000. Kodi agawika ndi 5 ndi 10? Inde, chifukwa athera ndi ziro. Nanga ndi 7? Iai. Mukagawira anthu asanu ndi awiri, yense alandira 20,571, ndipo zitsala 3 m'lichero. Kuyambira pa 1 kufikira pa 20, ziwerengo zimene zikana kugawa 144,000 ndi zisanu ndi chimodzi zokha: 7, 11, 13, 14, 17 ndi 19. Zina zonse zimgawa bwino lomwe.

Tsono pali fuko lina la ziwerengo limene tiyenera kulidziwa. Ziripo ziwerengo zimene sizilola kugawidwa ndi china chiri chonse, koma ndi 1 ndi izo zokha: monga 2, 3, 5, 7, 11, 13. Ife pano tizitcha zosagawika. Izi ndizo njerwa zimene ziwerengo zina zonse zinamangidwa nazo. Euclid, mphunzitsi wa ku Alexandria amene anakhala zaka ngati 300 Ambuye asanabadwe, anatsimikiza kuti zosagawikazi ziribe malire: ungapeze chachikulu chotani, chiripo china patsogolo pache. Ndipo Carl Friedrich Gauss wa ku Germany, m'buku lache la m'chaka cha 1801, anasonyeza mwatsatanetsatane kuti chiwerengo chiri chonse chiphwanyika m'njerwa zimenezi mwa njira imodzi yokha.

Tiyeni tiphwanye chathuchi. Tigawe pawiri: 72,000. Pawirinso: 36,000. Tipitirize: 18,000, 9,000, 4,500, 2,250, 1,125. Apa taima, pakuti 1,125 salola kugawika pawiri. Tagawa kasanu ndi kawiri. Tiyese 3: tipeza 375, kenaka 125; tagawa kawiri. Tsono 125 ndiye 5 kuchulukitsa ndi 5 kuchulukitsanso ndi 5. Taonani tsono: nyumba yaikuluyi inamangidwa ndi njerwa za mitundu itatu yokha, ndiyo mitundu yaing'ono koposa yonse: ma 2 asanu ndi awiri, ma 3 awiri, ndi ma 5 atatu. Mulibe njerwa yachilendo ngakhale imodzi.

Zogawira zache

Chiwerengo chiri chonse chimene chigawa chinzache osatsala kanthu tichitche chogawira. Zogawira za 12 ndi 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12. Zonse pamodzi zisanu ndi chimodzi. Nanga za 144,000 nzingati? Sikufunika kuyesa chimodzi chimodzi kufikira tsitsi lichite imvi. Chogawira chiri chonse chimangidwa ndi njerwa zomwe zija. Pa ma 2, munthu akhoza osatenga konse, kapena kutenga mmodzi, awiri, kufikira asanu ndi awiri: njira 8. Pa ma 3, njira 3. Pa ma 5, njira 4. Tichulukitse 8 ndi 3 ndi 4: tipeza 96. Zogawira za 144,000 ndi 96.

Tanthauzo lache ndi ili. Mutakhala ndi anthu 144,000 pa bwalo, mukhoza kuwaimika m'mizere yofanana mwa njira zambirimbiri, osatsala ndi mmodzi yemwe woima yekha pambali: mizere 12 ya anthu 12,000; mizere 144 ya anthu 1,000; mizere 360 ya anthu 400; mizere 375 ya anthu 384. Chokhacho chimene simungathe ndi kuwaimika kuti mizere ilingane ndi anthu a mu mzere umodzi, pakuti 379 kuchulukitsa ndi 379 apatsa 143,641, ndiko kuperewera, ndipo 380 kuchulukitsa ndi 380 apatsa 144,400, ndiko kupitirira. Koma 144 yekha atero bwino, pakuti ndiye 12 kuchulukitsa ndi 12. Ndipo 1,000 ndiye 10 kuchulukitsa ndi 10 kuchulukitsanso ndi 10, monga bokosi limene utali, chitando ndi msinkhu wache zilingana. Sungani ichi mumtima, tichifunanso patsogolo.

Choperewera, changwiro ndi chosefukira

Nicomachus wa ku Gerasa, amene analemba za masamu zaka ngati 100 Ambuye atabadwa, anagawa ziwerengo m'mafuko atatu. Anati: tengani zogawira zonse za chiwerengo, kusiyapo mwini wache, ndipo muziphatikize. Zikachepa kuposa mwini wache, chiwerengocho nchoperewera: monga 10, amene zogawira zache 1, 2 ndi 5 zipanga 8 yekha. Zikalingana ndendende, nchangwiro: monga 6, pakuti 1 ndi 2 ndi 3 zipanga 6, ndiponso 28, pakuti 1, 2, 4, 7 ndi 14 zipanga 28. Zikapitirira, nchosefukira. Zangwirozo nzosowa kwambiri: anthu akale anadziwa zinai zokha, 6, 28, 496 ndi 8,128, ndipo ngakhale ndi makompyuta, pofika chaka cha 2024 zodziwika zinali 52 zokha.

Chosefukira choyamba pa ziwerengo zonse ndi 12, pakuti 1, 2, 3, 4 ndi 6 zipanga 16. Ndipo pali lamulo lakuti chiwerengo chiri chonse chobadwa pochulukitsa chosefukira chikhalanso chosefukira. Mwana atengera kholo. Chotero 144,000, pokhala mdzukulu wa 12, ayenera kusefukira. Koma asefukira motani? Phatikizani 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64 ndi 128: mupeza 255. Phatikizani 1, 3 ndi 9: mupeza 13. Phatikizani 1, 5, 25 ndi 125: mupeza 156. Chulukitsani 255 ndi 13 ndi 156: mupeza 517,140, ndiko kuphatikiza kwa zogawira zonse 96. Chotsanipo mwini wache, 144,000, ndipo zitsala 373,140. Zogawira zache zimposa mwini wache kawiri ndi theka ndi kupitirirapo. Ndi nkhokwe yodzala kufikira chimanga chigwera pansi.

Anansi ache awiri

Tsono mverani chinthu chimene chinatidabwitsa ife eni pamene tinachiyesa pa sileti. Chotsani munthu mmodzi pa khamu lija, atsale 143,999. Tinayesa kugawa chiwerengochi ndi zosagawika zonse kuyambira pa 2 kufikira pa 379, ndizo 75, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinachigawa. Kupitirira pa 379 sikufunika kuyesa, pakuti chogawira chachikulu kuposa pamenepo chikadakhala ndi chinzache chaching'ono chimene tikadachipeza kale. Chotero 143,999 nchosagawika: zogawira zache ndi ziwiri zokha, 1 ndi mwini wache. Anthu amenewo simungawaimike m'mizere yofanana ngakhale mutayesa kufikira dzuwa lilowe, koma mzere umodzi wokha wautali.

Onjezani munthu mmodzi, akhale 144,001. Uyu aphwanyika, koma m'njerwa zina zachilendo: 11 kuchulukitsa ndi 13 kuchulukitsa ndi 19 kuchulukitsa ndi 53. Zogawira zache ndi 16. Taonani anansi atatu okhala khomo ndi khomo: wina ali ndi zogawira 2, wina 16, koma wapakati 96.

Kodi titengapo phunziro lanji? Munthu akawerenga anthu enieni, kapena mbuzi, kapena mitolo ya udzu, chiwerengo chimene apeza chimakhala chokhotakhota monga anansi awiriwa, pakuti imfa ndi kubadwa sizidikira kuti mizere ilingane. Chiwerengo chosalala ngati 144,000 nchosema ndi manja, chosankhidwa dala.

Umboni wache ngwakuti mitundu ya anthu yotalikirana inafika pa ziwerengo za fuko lomweli pofuna zogawika bwino. Anthu a ku Babiloni ankawerenga ndi 60, ndipo kwa iwo tinalandira mphindi 60 za mu ora. 60 kuchulukitsa ndi 60 kuchulukitsa ndi 40 ndiye chiwerengo chathu chija. Anthu a mtundu wa Maya, a ku Mexico ndi Guatemala, ankawerenga masiku motere: masiku 20 mwezi wao umodzi, miyezi 18 ipanga masiku 360, zaka zotere 20 zipanga masiku 7,200, ndipo zimenezi 20 zipanga nyengo yaikulu ya masiku 144,000, ndizo zaka zathu 394 ndi miyezi pang'ono. Iwo anayamba kuwerenga motero asanamve konse dzina la Yohane. Ngakhale kuno kwathu, achikulire akumbukira ndalama zimene tinagwiritsa ntchito kwacha ndi tambala zisanabwere m'chaka cha 1971: makobiri 12 shilingi imodzi, mashilingi 20 paundi imodzi, chotero makobiri 144,000 akadakhala mapaundi 600 osatsala kobiri.

Tibwere ku Malembo

Malembo Oyera adziwa kuwerenga anthu akafuna kutero. M'buku la Numeri, mutu 1, Mose anawerenga amuna a zaka 20 ndi kupitirira, oyenera kupita ku nkhondo. Fuko la Rubeni linali ndi 46,500. La Gadi 45,650. La Yuda 74,600. La Manase 32,200. La Dani 62,700. Onse pamodzi 603,550. Palibe mafuko awiri olingana. M'buku la Ezara, mutu 2, powerenga obwerera kuchokera ku ukapolo, banja loyamba kutchulidwa liri ndi anthu 2,172, ndipo msonkhano wonse 42,360. Umo ndimo muonekera kalembera weniweni.

Koma m'Chivumbulutso mutu 7, fuko liri lonse liri ndi 12,000 ndendende, lalikulu ndi laling'ono lomwe. Ndiponso maina ache ngodabwitsa. Woyamba ndi Yuda, osati Rubeni amene anali mwana woyamba wa Yakobo; pakuti Ambuye athu anabadwa m'fuko la Yuda. Dani palibe konse, ngakhale anali fuko lachiwiri pa kukula m'masiku a Mose. Efraimu satchulidwa, koma atchulidwa Yosefe, atate ache, pamodzi ndi Manase, mbale wache. Irenaeus Woyera, episkopi wa ku Lyons m'zaka za m'ma 100, anaona kale kusowa kwa Dani nayesa kufotokoza chifukwa chache. Wolemba kalembera wa boma akadalemba motere, bwenzi atamchotsa ntchito. Koma Yohane sanali kulemba kalembera. Anali kujambula chithunzi ndi ziwerengo.

Chithunzicho nchotani? Kumbukirani zimene tinasunga zija: 12 kuchulukitsa ndi 12 kuchulukitsa ndi 1,000. Khumi ndi awiri ndicho chiwerengo cha anthu a Mulungu: mafuko 12 a Chipangano Chakale, Apostoli 12 a Chipangano Chatsopano. Yohane yemweyo, m'mutu 21, aona Yerusalemu watsopano wa zipata 12 zolembedwa maina a mafuko, ndi maziko 12 olembedwa maina a Apostoli. Linga lache mikono 144, ndipo utali, chitando ndi msinkhu wa mzindawo zilingana, monga bokosi lija tinanena. Chikwi ndicho chiwerengo cha unyinji waukulu, ndiponso cha gulu la asilikali m'Israele wakale. Chotero 144,000 anena kuti: anthu a Mulungu onse, akale ndi atsopano, ochuluka, oima m'mizere yao, osasowapo ndi mmodzi yemwe. Nchiwerengo chakuti "onse afika," osati chakuti "khomo latsekedwa."

Wina akaumirira kuti tiwerenge monga mwa chilembo, tiyenera kuwerenga zonse motero. Pamenepo olowa adzakhala Aisraele okha a mafuko otchulidwawo. Ndipo popeza mutu 14 unena za iwo ngati amuna osakwatira, adzatsala kunja Petro Woyera, amene Mthenga wa Marko utiuza kuti anali ndi apongozi, ndiponso Amai Maria Virigo Woyera eni ache. Ndani mwa ife anganene zotere? Munthu sangatenge chiwerengo chokha monga mwa chilembo, nasandutsa zina zonse fanizo, monga wodya nsomba asankha mnofu nataya minga.

Ndipo chachikulu koposa ndi ichi. Pa ndime 4 Yohane anena kuti anamva chiwerengo. Pa ndime 9 anena kuti anapenya, naona khamu lalikulu limene palibe munthu akhoza kuliwerenga, la mitundu yonse, mafuko onse ndi zinenero zonse, litaimirira pamaso pa mpando wachifumu wa Mulungu, litabvala zoyera. Aphunzitsi ena a Eklezia anati oyambawo ndi Ayuda amene anakhulupirira Kristu, ndipo khamulo ndi anthu a mitundu ina. Ena anati ndi anthu amodzimodzi, oyamba kumveka ndi khutu, kenaka kuoneka ndi maso. Monga m'mutu 5 Yohane amva za Mkango, koma potembenuka aona Mwana wa Nkhosa. Mutsate awa kapena awo, mapeto ache ndi amodzi: oima pamaso pa Mulungu saweregeka. M'khamu limenelo muli Charles Lwanga ndi anzache, Amartiri 22 a ku Uganda, amene anaphedwa pakati pa 1885 ndi 1887, ndipo Papa Paulo VI anawalemba m'gulu la Oyera m'chaka cha 1964. Iwo sanali a fuko la Rubeni kapena la Gadi. Anali anthu akuda ngati ife.

Chenjezo

Tisanatsirize tiyenera kuchenjeza, pakuti masamu ali ngati mpeni: asenda mbatata, achekanso chala. Mwina wina waona kuti njerwa zija, zisanu ndi ziwiri, ziwiri ndi zitatu, zonse pamodzi ndi 12, nadumpha ndi chimwemwe poyesa kuti wapeza chinsinsi. Kapena wakumbukira mwambo wa kupembedza Ukaristia Woyera maora 40, umene unayamba ku Milan m'zaka za m'ma 1500, ndipo Papa Klementi VIII anaukhazikitsa ku Roma m'chaka cha 1592, nati: "Si masekondi 144,000 amenewo!" Zoonadi, ndi momwemo, koma kumeneko ndi kukumana chabe kwa ziwerengo zogawika bwino, monga anthu awiri akumana pa chitsime chifukwa onse amva ludzu. Palibe chiphunzitso chimene tingamange pamenepo.

Augustine Woyera wa ku Hippo anakonda ziwerengo. Anasonyeza kuti nsomba 153 za m'Mthenga wa Yohane, mutu 21, ndizo zimene tipeza pophatikiza ziwerengo zonse kuyambira pa 1 kufikira pa 17, ndipo anaona m'menemo chithunzi cha opulumuka onse, osati malire ao. Iye anagwiritsa masamu kuti akometse chimene Eklezia akhulupirira kale. Koma ena anayesa kutsegula nao zimene Mulungu anabisa. William Miller wa ku America anawerengera masiku 2,300 a m'buku la Danieli, ndipo omtsata anadikira Ambuye pa 22 Okutobala 1844. Kunacha monga mwa masiku onse. Kuno kwathu, m'zaka za 1908 ndi 1909, Elliot Kamwana analalikira pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay kuti ufumu watsopano udza m'chaka cha 1914, ndipo anthu zikwi anabatizidwa. Chakacho chinabwera ndi nkhondo, koma dziko linapitirira. Ndipo pamene nyengo ya khumi ndi chitatu ya Amaya inatha pa 21 Disembala 2012, atakwana masiku 1,872,000, ambiri anafalitsa mbiri yakuti dziko litha, chinthu chimene ife tonse tiri mboni kuti sichinachitike. Anthuwa sitiwanyoza, pakuti ambiri a iwo analakalaka Ambuye ndi mtima woona, koma tiphunzirepo.

M'Mthenga wa Luka, mutu 13, munthu wina anafunsa Ambuye ngati opulumuka adzakhala owerengeka. Iwo sanampatse chiwerengo. Anamuuza kuti alimbikire kulowa pa khomo lopapatiza. Eklezia nayenso sanatchulepo chiwerengo cha opulumuka. Chimene aphunzitsa nchakuti Mulungu afuna kuti anthu onse apulumuke, monga Paulo Woyera analembera Timoteo, ndi kuti munthu akhoza kudzitsekera yekha kunja ndi tchimo lalikulu losalapa. Choopa tsono sikuchepa kwa mipando, koma kuuma kwa mtima wathu.

Agogo aja

Pa tsiku lija sitinawauze agogo aja zonsezi, pakuti njala inali itawawa ndipo ulendo wao unali wautali. Tinangowafunsa kuti: "Agogo, pa chikwati cha mwana wanu munaphika nsima ya anthu angati?" Iwo anaseka nati: "Ha, Aphunzitsi, ndani awerenga anthu pa chikwati? Tinasinja matumba, aliyense wobwera anadya." Ife tinati: "Nanga Mulungu ngwoumira kuposa inu?" Pamenepo tinawawerengera ndime 9, pang'onopang'ono, kawiri. Anakhala chete nthawi ndithu, kenaka anatambasula dzanja napereka kandalama kaja, ndipo Bambo Mfumu anapereka Misa ya amuna ao sabata lomwelo. Kumene kuli mzimu wa bamboyo adziwa ndi Mulungu yekha. Koma mkazi wache sanaleke kumpempherera, ndipo ndicho chimene Eklezia apempha kwa ife tonse.

Chifukwa chache, abale athu, mwezi uno musagwe ulesi. Pitani ku manda mukalambule. Perekani Misa za akufa anu. Pempherani Korona madzulo pamodzi ndi ana, potchula maina a amene anatisiya, ndi kukumbukiranso mizimu ya m'Purigatorio imene iribe woipempherera. Ndipo wina akadza pakhomo panu ndi chiwerengo chimenechi, mlandireni mwaulemu, mpatseni mpando, ndipo mumpemphe kuti apitirize kuwerenga kufikira ndime 9.

Kwa inu ana a sukulu, nayi ntchito ya mwezi uno. Choyamba, pezani zogawira zonse za 496, ndipo muonetse kuti nchangwiro. Chachiwiri, phwanyani 360 m'njerwa zache, mutiuze zogawira zache nzingati, ndiponso ngati nchoperewera kapena chosefukira. Musathamange, kuona maso a nkhono nkudekha. Mayankho mupereke kwa aphunzitsi a kwanu lisanafike Lamulungu loyamba la Adventi, ndipo tidzawalongosola m'kalata ya mwezi wa mawa.

Oyera Onse a Mulungu atipempherere, ndipo mizimu ya Akristu amene anamwalira iuse mu mtendere.

Ndife anu mwa Kristu,
Mphunzitsi wa pa Khonde